Ndikupita kukagwira ntchito ku Portugal: nditsegule akaunti ya kubanki ndisananyamuke?

Funso: Ndine wowotcherera zitsulo, ndimakhala ku Ulongue m'boma la Angónia, ku Mozambique. Ndinagwirapo ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, ndipo tsopano kampani ina yomanga nyumba ku Portugal yandilonjeza ntchito. Ndikukonzekera kupempha viza. Ndili ndi ndalama zomwe ndapeza pogulitsa kachewere ndi ng'ombe ziwiri. Zina zili pa M-Pesa, zina ndasunga m'nyumba, zina ndi makwacha. Munthu wina pa WhatsApp akuti akhoza kunditsegulira akaunti ku banki ya ku Lisbon ndili konkuno, bola ndimulipire mametikali 20,000 ndi kumutumizira chithunzi cha pasipoti. Mlamu wanga amene ali ku Setúbal, ku Portugal komweko, akuti ndingotumiza ndalamazo ku akaunti yake. Nditani?

Yankho: Bambo, zikomo pondifunsa musanatulutse ndalama. Munthu wa pa WhatsApp uja musamutumizire kalikonse, ngakhale chithunzi cha pasipoti chomwecho. Za alamu anu ndifikapo, chifukwa pali zimene angakuthandizeni ndithu ndi zina zimene ndikukuletsani. Koma pa zonse zimene mwalemba, chandidetsa nkhawa kwambiri ndi ndalama zili m'nyumbazo. Ndagwira ntchito kubanki, pa desiki yotumiza ndalama kunja, ndipo anthu amene ndawaona akuvutika ndi amene ndalama zawo zinalibe pepala losonyeza kumene zachokera. Akaunti ya ku Portugal mukhoza kuitsegula m'masiku ochepa mukafika. Mbiri ya ndalama zanu imatenga miyezi kuti ilembeke, ndipo iyenera kulembedwa konkuno, kuyambira sabata ino.

Zimachitika motere. Mlimi amalowa m'banki ndi jumbo yakuda, m'kati muli mitolo ya ndalama yomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, mapepala ena akununkha utsi chifukwa anali kudenga. Ndalamazo ndi zake, wazikhetsera thukuta m'dimba, palibe amene akukana. Ndiye akuti zitumizidwe ku Ulaya mawa. Wa pa desiki amufunsa kuti zachokera kuti. Iye ayankha kuti ndinagulitsa mbatata. Afunsidwa za pepala, alibe. Apa mlimi amaona ngati akumunyoza, pomwe wa pa desikiyo manja ake ndi omangidwa: akatumiza popanda umboni, banki ya uko imaziimitsa kapena kuzibweza, ndipo zikamabwerera zimakhala zitadulidwa kale ndalama za m'njira.

Chifukwa chake tengani za m'nyumbazo mukaike ku akaunti ya dzina lanu. Ngati mulibe akaunti, tsegulani ku banki iliyonse yovomerezeka yomwe ili ndi nthambi kufupi nanu. Adzafuna BI (chiphaso cha unzika), NUIT (nambala ya msonkho ya kuno) ndi kalata yosonyeza kumene mumakhala. Za pa M-Pesa zisamutseni kuchokera pa nambala yanu kupita ku akaunti yanu, osati kudzera pa nambala ya mnzanu, kuti dzina likhale limodzi mbali zonse. Za ng'ombe zija, pitani kwa amene anagula mukalembe pepala ngakhale malonda anachitika kale. Palembedwe maina anu nonse awiri ndi manambala a BI, tsiku la malonda, ng'ombe zingati, zamtundu wanji, mtengo wake, kenako musaine nonse ndi mboni, ndipo a mfumu kapena a sekeletale a dera adinde chidindo. Ndi kapepala kamodzi kokha, koma tsiku lina ku Lisbon kakhoza kukhala kokhako kofotokoza chifukwa chimene mametikali ochuluka analowera mu akaunti yanu tsiku limodzi. Kachewere wotsala mugulitse kwa ogula amene angalipire pa foni kapena ku banki. Ngati kampani ya ku Moatize inakupatsani mapepala a malipiro kapena kalata yomaliza ntchito, zifufuzeni m'sutukesi muzisunge bwino. A kukonsulado ndi a kubanki amakonda kuona extracto, pepala la kubanki losonyeza ndalama zolowa ndi zotuluka mu akaunti, ya miyezi itatu kapena kuposerapo, ndipo amakhulupirira akaunti yomwe ndalama zakhala zikulowa pang'onopang'ono kuposa yomwe inali mbee kenako n'kudzaza sabata yopempha viza.

Makwacha ndi nkhani ina. Ife a ku Angónia ndi ku Tsangano tinazolowera kulandira kwacha pa misika ya m'malire, kaya ku Lizulu kaya kufupi ndi Calómuè, ndipo m'mudzi imagula chilichonse. Ku Portugal simudzapeza banki yoisintha, ndipo ngakhale metikali yathu musaiyembekezere kuti mukaisintha kumeneko. Kuisunga nthawi yaitali n'kowopsanso: mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali nayo m'nyumba kuno anataya chimodzimodzi ndi anzathu a kutsidya. Ine ndikanakhala inu, makwachawo ndikanagulira feteleza, mbewu ndi zina zomwe banja lidzafune ndikachoka, n'kusiya kulandira ena pa malonda otsala.

Mwina mukudabwa kuti mabanki akhwimitsiranji chonchi. Mu October 2022 bungwe la FATF, lomwe limayang'anira nkhani za ndalama zobedwa ndi zothandizira zigawenga padziko lonse, linaika dziko la Mozambique pa mndandanda wa maiko oyenera kuwaonetsetsa. Tinachotsedwapo mu October 2025, koma pa zaka zitatu zimenezo mabanki akunja anazolowera kufunsa mafunso ambiri pa ndalama zochokera kuno, ndipo chizolowezicho sichitha msanga. Kuwonjezera apo, lamulo la ku Portugal nambala 83/2017 limakakamiza banki iliyonse kudziwa bwino kasitomala wake ndi gwero la ndalama zake. Amafunsa aliyense, ngakhale Mpwitikizi.

Tsopano funso lenileni: kodi akaunti ingatsegulidwe muli ku Ulongue? Lamulo la uko silikaniza munthu wosakhala m'dzikomo kukhala ndi akaunti. Koma banki idzafuna pasipoti, umboni wa kumene mumakhala, umboni wa ntchito kapena malipiro, NUIT yanu ya kuno, ndi nambala ya msonkho ya ku Portugal yotchedwa NIF. Idzafunanso kukuonani inu mwini, kaya pa desiki kaya pa vidiyo, ndi kuti musaine nokha. Mabanki ambiri, kwa munthu wochokera kunja kwa Ulaya, amangoti bwerani tikuoneni. Ndiye munthu wonena kuti chithunzi cha pasipoti ndi mametikali 20,000 n'zokwanira akunama mwa njira ziwiri. Yoyamba, adya ndalamazo n'kuzimitsa foni. Yachiwiri ndi yoipa kwambiri: atsegula akaunti ya pa intaneti m'dzina lanu, n'kumadutsitsamo ndalama zobera anthu ena. Apolisi akamalondola, dzina lomwe amalipeza ndi lanu, ndipo mumakazimva mutaima ku AIMA, ofesi yoona za anthu ochokera kunja yomwe inalowa m'malo mwa SEF mu October 2023, mukupempha chilolezo chokhala m'dzikomo. Chimodzimodzi ndi amene angakuuzeni kuti mutsegule akaunti ku mabanki a pa foni monga Revolut kapena N26 polemba adiresi ya alamu anu. Makampani amenewo satsegulira anthu okhala ku Mozambique, ndipo akazindikira kuti adiresi ndi yabodza amatseka akaunti ndalama zili momwemo.

Chomwe mungachitiretu muli kuno, ndipo ndikukulimbikitsani, ndi NIF. Ili ndi manambala 9 ngati NUIT yathu, imaperekedwa ndi ofesi ya msonkho yotchedwa Finanças, ndipo ofesiyo siilipiritsa. Popanda NIF simutsegula akaunti, simusaina pangano la nyumba ya lendi, abwana sakulembani bwino m'mabuku. Munthu ali kutali amaipempha kudzera mwa wina amene ali ku Portugal, atamupatsa procuração, kalata yomupatsa mphamvu zomuimirira. Apa ndi pamene alamu anu a ku Setúbal angagwire ntchito yeniyeni. Pitani ku cartório, ofesi yotsimikizira zikalata, mukalembetse procuração yonena chinthu chimodzi chokha, kuti akupemphereni NIF, osati yowapatsa mphamvu pa chuma chanu chonse. Ngati alamu atanganidwa ndipo mukufuna loya, maloya ovomerezeka ku Portugal ali m'kaundula wa Ordem dos Advogados yemwe aliyense akhoza kumuona pa intaneti. Yang'anani dzina ndi nambala yake musanalipire.

Umboni wa kumene mumakhala umavuta kwa ife a kumudzi, chifukwa nyumba zathu zilibe nambala ya msewu, ndipo mita ya magetsi ya Credelec nthawi zambiri imakhala m'dzina la mwini nyumba kapena la malemu bambo. Tengani declaração de residência, kalata yosonyeza kumene mumakhala, kwa a sekeletale a bairro kapena ku ofesi ya boma, ndipo adiresi yomwe ili pamenepo ikhale yomweyo yomwe mwalembetsa ku banki yanu ya kuno. Mapepala awiri akamanena zofanana, mafunso amachepa.

Pali mbali ina yomwe anthu ambiri saidziwa n'komwe. Malinga mukadali wokhala ku Mozambique, muli pansi pa lamulo la ndalama zakunja, Lei Cambial nambala 28/2022, ndipo kutsegula akaunti kunja kwa dziko ndi imodzi mwa nkhani zomwe Banco de Moçambique imayang'anira. Choncho ngakhale mutapeza banki ya ku Lisbon yovomera, musanasaine kalankhuleni ndi a gerente a banki yanu ya kuno, muwaonetse kalata ya ntchito, akuuzeni zomwe zikufunika mbali ya kuno. Ndalama zonse zopita kunja zimadutsa ku banki yovomerezeka, ndipo nthawi iliyonse amafuna pepala lofotokoza cholinga: viza, pangano la ntchito, tikiti, pangano la nyumba. Kuyambira 2024 amalonda akhala akudandaula za kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki athu, ndipo pempho logula mayuro likhoza kudikira masabata. Musadikire kuti tikiti ikhale m'manja. Viza ikangotuluka, tsiku lotsatira mukhale ku banki. Metikali yakhala pafupifupi 64 pa dola imodzi kwa zaka zingapo, koma yuro imakwera ndi kutsika, ndiye funsani mtengo wogulitsira wa tsikulo, umene mudzalipire inuyo, osati wapakati umene mumauona pa foni.

Ena adzakuuzani kuti ukakhala ndi akaunti ku Millennium bim ndiye kuti uli nayo kale ku Portugal. Zoona n'zakuti gawo lalikulu la Millennium bim ndi la Millennium BCP ya ku Portugal, ndipo gawo lalikulu la BCI ndi la Caixa Geral de Depósitos. Koma ndi mabanki osiyana, pansi pa malamulo a maiko osiyana, ndipo akaunti ya kuno siisanduka ya uko. Ubalewo uli ndi phindu limodzi: extracto ndi kalata yokuchitirani umboni zochokera ku banki yomwe amaidziwa dzina zimalandiridwa mosavuta. Ngati akaunti yanu ili ku imodzi mwa awiriwa, funsani ngati angakulumikizeni ndi anzawo a ku Portugal. Akakana, pempheni kalatayo basi.

Maganizo anga ndi akuti inu, amene mukupita ndi pangano la ntchito, musatayire nthawi ndi ndalama kuthamangitsa akaunti musananyamuke. Amene imawakakamiza kawirikawiri ndi opempha viza yokakhala ndi ndalama zawo, monga opuma pantchito, chifukwa amafunsidwa kuonetsa kuti ali ndi zodzisamalira kumeneko. Mndandanda wa zofunika pa mtundu wa viza yanu mukaupeza ku Consulado-Geral ya Portugal ku Beira, yomwe imatumikiranso chigawo chathu cha Tete. Tsatirani zolembedwa pamenepo, osati zonena za pa gulu la WhatsApp. Ndipo poti tafika pa viza, ndinenepo ichi ngakhale simunafunse: njira yakale yolowa ngati mlendo n'kukakonzera mapepala uko, yotchedwa manifestação de interesse, inathetsedwa mu June 2024. Aliyense wokuuzani kuti bwerani kaye tidzaona konkuno akukuikani m'mavuto. Pangano la ntchitolo likhale lolembedwa, lokhala ndi dzina la kampani, nambala yake ya msonkho ndi malipiro, ndipo alamu anu apite akaione kampaniyo ndi maso. Kampani yeniyeni siilipiritsa munthu kuti imulembe ntchito.

Chomwe akaunti yotseguliratu ikanakuthandizani ndi mwezi woyamba, ndiye tiuganizire bwino mweziwo. Malipiro amabwera kumapeto kwa mwezi, koma chipinda, chakudya ndi basi zimafuna ndalama tsiku lofika. Malipiro otsikitsitsa ku Portugal mu 2025 anali mayuro 870 pa mwezi, ndipo m'dera la Lisbon ndi Setúbal chipinda chimodzi chokha chimadya gawo lalikulu la ndalama zimenezo. Eni nyumba amafunanso lendi yolipiriratu ndi chikole. Gawani ndalama zanu patatu. Gawo loyamba likhale mayuro a m'manja ogulidwa ku banki kapena ku casa de câmbio (malo osinthirako ndalama) yovomerezeka, ndipo lisiti lake muliike pamodzi ndi pasipoti, chifukwa a kasitomu akhoza kulifuna potuluka, ndipo banki ya uko idzalifuna podzaika ndalamazo. Mayuro ogula pamsewu alibe lisiti, ndipo abodza amalowera komweko. Wolowa mu European Union ndi mayuro 10,000 kapena kuposerapo ayenera kuwalengeza pa bwalo la ndege. Sindikuona chifukwa choti munyamule zochuluka chonchi m'thumba. Gawo lachiwiri likhale pa khadi la Visa la banki yanu ya kuno. Kafunseni ngati khadilo ndi lotsegulidwa kugwira ntchito kunja, malire ake pa tsiku ndi pa mwezi ndi angati, ndipo likutha liti. Gawo lachitatu, lalikulu, lisiyeni mu akaunti yanu ya kuno mpaka mutakhala ndi IBAN, kutanthauza nambala ya akaunti ya ku Portugal, ya dzina lanu.

Apa ndiye tafika pa alamu. Kuwatumizira pang'ono kuti akugwirireni chipinda n'kwabwino, bola mulemberane uthenga wonena kuchuluka kwake ndi ntchito yake, ndipo lisiti la mwini nyumba lituluke. Koma chuma chonse ayi. Ndalama zikalowa mu akaunti ya munthu, pamaso pa lamulo zimatengedwa ngati zake. Ngati alamu ali ndi ngongole ya msonkho kapena ya khoti, akauntiyo ikhoza kugwidwa, ndipo wogwirayo safunsa kuti za ng'ombe za ku Angónia ndi ziti. Atadwala kapena kutisiya mwadzidzidzi, ndalamazo zimalowa m'chuma chamasiye cha banja lawo. Banki yawo ikhozanso kuwafunsa za ndalama zachilendozo n'kuimitsa akaunti yomwe amalandirirapo malipiro, n'kukhala mwawaika m'mavuto anthu okufunirani zabwino. Paja amati chibale n'fupa sichiola, koma ndaona maukwati akugwedezeka chifukwa cha ndalama zomwe mlamu ndi mlamu sanalemberane, mlongo ali pakati osadziwa mbali yoima. Auzeni mwaulemu kuti a kubanki akufuna dzina la wotumiza ndi la wolandira likhale limodzi. Akamva zimenezo sadzakhumudwa.

Mukafika, sabata yoyamba pitani ku banki ndi pasipoti yokhala ndi viza, NIF, pangano la ntchito, umboni wa kumene mukugona, NUIT, ndi mapepala onse a kuno aja. Banki imodzi ikakana, yesani ina. Nthambi zimasiyana kaumidwe mtima. Mudzapatsidwa IBAN yoyamba ndi PT50, ya zilembo ndi manambala 25, ndipo ndi imene abwana adzafune kuti azikulipirirani. Khadi lake limagwira pa makina a Multibanco omwe ali paliponse. Musanasaine funsani ndalama yomwe amadula mwezi uliwonse yosungira akaunti, ndiponso ngati imatsika malipiro akamalowera momwemo. Akakunyengererani inshuwalansi kapena khadi la ngongole tsiku lomwelo, kanani. Simunalandire ngakhale malipiro amodzi. Mukadzakhala ndi chilolezo chokhala m'dzikomo, funsani za akaunti yotsika mtengo yotchedwa conta de serviços mínimos bancários. Lamulo limakakamiza mabanki kuipereka kwa munthu amene alibe akaunti ina yogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku m'dzikomo kupatula imene akufuna kuti isinthidwe kukhala yotere, ndipo mtengo wake pa chaka chonse ndi pafupifupi mayuro 5. A pa desiki saitchula okha, muyenera kuitchula inu. Ndalama zosungidwa m'mabanki a ku Portugal zimatetezedwa mpaka mayuro 100,000 pa munthu pa banki iliyonse. Mukapeza pokhala pokhazikika, kasintheni adiresi ku Finanças kuti muziwerengedwa ngati wokhala m'dzikomo pa nkhani ya msonkho.

Potumiza gawo lachitatu lija, funsani musanachoke kuno kuti banki yanu idzalandira bwanji pempho muli kunja, chifukwa ena amafuna pepala losainidwa pa desiki. Dzina la wolandira lilembedwe ndendende monga lilili pa pasipoti. Kwathu kuno maina amalembedwa mosiyana pa BI, pa NUIT ndi pa pasipoti, malinga ndi kalaliki amene anagwira cholembera tsikulo, ndipo chilembo chimodzi chikhoza kuimitsa ndalama pakati pa njira. Yalani mapepala anu onse patebulo lero muwayerekeze, ndipo cholakwika mukachikonzetse mukadali pafupi ndi maofesi. Yambani ndi kutumiza pang'ono muone masiku omwe zitenge ndi zomwe zidulidwe, chifukwa kupatula banki yotumiza ndi yolandira, ya pakati nayonso imatapako.

Akaunti ya kuno musaitseke. Ndi imene mudzatumizireko ndalama za banja, ndipo tsiku lobwerera mudzaifuna. Auzeni a banki kuti mukusamuka, alembe m'mabuku mwawo. Mayi a kunyumba atsegule akaunti yawoyawo m'dzina lawo, m'malo mowasiyira khadi lanu ndi nambala yachinsinsi; khadi likamezedwa ndi makina kapena likatha nthawi, banki siingawapatse lina popeza si lawo. Ngati mukufuna kuti azitha kukuimirani ku banki, alembereni procuração ku cartório musananyamuke, yotchula akauntiyo ndi zomwe angachite.

Nambala yanu ya foni ya kuno, kaya ndi ya Vodacom, Movitel kapena Tmcel, ndi imene banki imatumizirako manambala otsimikizira. Simu ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito imatsekedwa, ndipo nambalayo ikhoza kupatsidwa kwa munthu wina, amene azidzalandira mauthenga a akaunti yanu. Pitani ku shopu ya kampaniyo mukatsegulitse roaming, muonetsetse kuti simuyo inalembetsedwa m'dzina lanu, ndipo muuze mayi aziikamo mayunitsi pang'ono mwezi ndi mwezi. Yang'ananinso tsiku lothera la BI yanu. Ngati ikutha m'chaka chikubwerachi, ikonzetseni musanapite, chifukwa banki ikaona kuti chiphaso chatha imatha kuimitsa akaunti mpaka mutabweretsa chatsopano.